Dirowa ya M'munsi ya Bwana Pepani

Pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala panali ofesi ya kampani yonyamula katundu. Inali nthambi chabe. Likulu linali kutali, ndipo anthu a panthambipo ankalidziwa kudzera m'makalata ndi pafoni basi. Mu ofesimo munali madesiki khumi ndi awiri, fani imodzi yozungulira ikafuna, ndi ketulo yomwe aliyense ankalumbira kuti si iye waisiya yopanda madzi. Kumapeto kwa khonde kunali kachipinda ka mkulu wa nthambiyo, bambo amene onse ankawatchula kuti Bwana Pepani.

Dzinali sanalitole panjira. Bambowa ankapepesa chilichonse. Akagunda mpando ankaupepesa, ndipo polowa mu ofesi yawo yomwe ankayamba agogoda. Anali aatali mopitirira, a mapewa akugwa, ndipo tayi yawo inkathera pamwamba pa mchombo ngati ikuopa kutsika. Lolemba lililonse ankatsegula msonkhano ndi nthabwala imene anaikonzekera sabata yonse, koma ankaiyambira kumapeto, kenako n'kumaseka okha uku akufotokoza pamene panayenera kuseketsa. Anthu ankangoyang'ana nsapato zawo. Tisawakometsere ayi, bambowa ankachititsa manyazi.

Koma chimene chinawatchukitsa kwambiri chinali dirowa ya m'munsi ya desiki yawo. Makalata ochokera kulikulu ankabwera m'maenvulopu a khaki okhala ndi mzere wofiira m'mbali. Ambiri ankayankhidwa bwinobwino, koma ena akalowa m'dirowa imeneyo sankatulukanso. A kulikulu akaimba foni, ofesi yonse inkamva mawu omwewo kudzera pachitseko: "Pepani kwambiri, kalata imeneyo sinandipeze. Mwina mutumizenso." Akatumizanso, yankho linkakhala lakuti, "Ndinaiona ndithu, koma pepani, kaya ndaiika pati." Kulikuluko anthu ankasinthana mipando chaka ndi chaka, choncho wobwera kumene sankadziwa zimene mnzake ankalondola, ndipo nkhani inkafera pomwepo.

M'nthambi zina anthu ankachotsedwa ntchito mwezi ndi mwezi. Panthambi iyi panatha zaka khumi ndi chimodzi popanda ndi mmodzi yemwe wochotsedwa. Antchito ankati ndi mwayi. Ena ankati likulu linawaiwala chifukwa cha kupusa kwa bwana wawo, ndipo amenewa anali pafupi ndi zoona kuposa mmene ankaganizira.

Wosunga mafayilo pa ofesipo anali mayi wina amene anzake anamupatsa dzina loti Lumo, chifukwa lilime lake linkameta munthu popanda madzi. Anali waluso pa ntchito, ndipo anali waluso koposa potengera anthu kayendedwe ndi kalankhulidwe. Nthawi ya tiyi ankakweza mapewa, n'kupinda khosi, n'kupepesa ketulo, anzake n'kumagwa nako kuseka. Koma kuseka kwa Lumo kunali ndi mkwiyo pansi pake. Zaka zitatu m'mbuyomo mwamuna wake anadwala matenda ofa ziwalo, ndipo iye anakhala masabata asanu ndi awiri kuchipatala osaponda ku ntchito. Atabwerera anapeza mafayilo ake onse atasokonekera, a madalaivala ali m'kabati ya makasitomala, a chaka chatha atasakanikirana ndi a chaka chino. Anamva kuti bwana ndiwo ankalowa m'chipinda chake n'kumagwiragwira. Zinamutengera mwezi wathunthu kukonza, ndipo sanawakhululukire.

Lamulungu lina masana, kunyumba kwa mng'ono wake, Lumo anachita sewero lake lija pabalaza. Mwamuna wa mng'ono wakeyo ankagwira ntchito yokonza masewero ku wailesi ya kanema. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Alamu, munthu ameneyu alipodi?" anafunsa akupukuta misozi.

"Alipo, ndipo mawa ndikamupeza akupepesa chitseko."

"Ndiye mukungotaya golide mu ofesimo! Lembani zimenezi. Ife tikufuna sewero la mu ofesi, koma olemba athu sanakhalepo mu ofesi, amangopeka. Inu mungolemba zimene mukuona, dzina lokha tisintha."

Lumo anagula kope lachikuto cholimba n'kuliika pansi pa mafayilo. Bwana akalankhula, iye ankalemba. Patapita miyezi isanu, Loweruka lina madzulo, pa kanema panaoneka sewero latsopano lotchedwa Bwana Chonde. Wosewera wake anali wamtali, wa tayi yaifupi, wogogoda pachitseko chake chomwe. Pofika gawo lachitatu, lomwe linali la bwana wosokoneza mafayilo a mlembi wake, nkhani inali m'kamwam'kamwa. M'mabasi anthu akapondana ankati "chonde, pepani" n'kufa nako kuseka. Dzina la Lumo linkadutsa pa kanema kumapeto kwa gawo lililonse, ndipo iye ankaimitsa ana ake kuti aliwerenge mokweza.

Pa ofesi panalibe amene sanazindikire. Lolemba lotsatira gawo loyamba, anthu anakhala mumsonkhano mitima ili m'mwamba, akudikira kuti bwana akalipe kamodzi m'moyo wawo. Bwana Pepani anaima, nakonza mapepala awo, nati, "Ndinaonera sewero lija. Pepani, inenso ndinaseka. Mayi, muli ndi mphatso." Tsiku limenelo anali atavala tayi ina, yaitali mpaka kupitirira lamba. Lumo anailemba m'kope, ndipo inatuluka m'gawo lachinayi.

Zimene sanalembe n'zakuti mwana wamkazi wa bwanayo, yemwe anali kusekondale, anayamba kukana kuti bambo ake azimuperekeza pageti la sukulu. Anzake ankamuitana kuti mwana wa Chonde. Lumo anazimva kwa dalaivala wamkulu wa kampaniyo, ndipo anangoti, "Ine sindinatchule munthu dzina."

Gawo lachisanu ndi chimodzi ndilo Lumo ankalinyadira kuposa onse. Linali la dirowa ya m'munsi. Analiyeserera nthawi ya tiyi, atagwira supuni kukhutu ngati foni: "Pepani kwambiri, kalata imeneyo sinandipeze!" Achinyamata a ku akaunti anaseka mpaka kumenya tebulo. Awiri okha sanaseke. Mmodzi anali dalaivala wamkulu uja, yemwe anaika kapu yake pansi n'kutuluka. Wina anali mayi wachikulire wolandira alendo ndi mafoni, yemwe ofesi yonse inkamutchula kuti Anti.

Anthu atabalalika, Anti anatseka chitseko cha kukhitchini, natsala ndi Lumo yekha.

"Mwanawe, ndikutsine khutu," anatero. "Seka tayi, seka nthabwala zawo, seka kugogoda. Zonsezo n'zawo, adzapirira. Koma dirowa ija isiye."

"Bwanji, Anti? Ndi pamene pali nyama pamenepo."

"Ndati isiye."

"Mundiuze chifukwa."

"Chifukwa ndinalonjeza kuti sindidzanena. Ine foni zonse za kulikulu zimadutsa m'khutu langa zaka zonsezi. Ukamva munthu ngati ine akuti siya, umasiya."

Lumo anaseka. "Anti, inu mumawamvera chisoni chifukwa munakalambira limodzi. Munthu wotaya makalata a kampani ngoyenera kumubisa? M'malo ena akanamuchotsa kalekale."

"M'malo ena," anatero Anti akutsuka kapu, "iweyo ukanakhala kuti?"

Funsoli linamudutsa Lumo pamwamba. Iye anamva mawu a nkhalamba yoopa zinthu zatsopano, basi.

Lachinayi la sabata yomweyo, bwana eni ake anabwera kuchipinda cha mafayilo. Anagogoda ngakhale chitseko chinali chotsegula, ndipo anaima pakhomo akupotokola zala.

"Pepani, mayi, ndakusokonezani. Ndamva kuti gawo likubwerali ndi la dirowa."

"Ndi sewero chabe, bwana. Si inu."

"Eya, eya, si ine. Pepani. Koma ndimati ndipemphe, ngati n'kotheka, dirowayo mukanaichotsamo. Muikemo china. Mwezi watha ndinagwa pamasitepe nditanyamula keke ya tsiku lobadwa la Anti, simunaone inu, munali kubanki. Ndikhoza kukufotokozerani bwinobwino mmene ndinagwera. N'zoseketsa kwambiri."

Munthu wamkulu, wa imvi, kudzagulitsa kugwa kwake kuti awombole dirowa! Wina aliyense akanaima n'kudzifunsa. Koma Lumo anali ataledzera ndi kuwomberedwa m'manja, ndipo anaona ngati wagwira pachilonda penipeni. Mumtima anati, tayi sinawapweteke, mafayilo sanawapweteke, koma apa ndiye ndawapeza.

"Ajambula kale, bwana," ananama. "Sindingathe kusintha."

"Oho. Pepani. Zikomo." Potembenuka anagunda kabati, naipepesa, napita.

Madzulo ake Lumo analemba ndi za keke zomwe, kuti zidzakhale za gawo lachisanu ndi chiwiri. Ndipo pojambula gawo la dirowa anaumirira kuti zonse zikhale zenizeni. Mlamu wake ankafuna maenvulopu oyera wamba, koma iye anakana. Anati akhale a khaki, a mzere wofiira m'mbali, ndipo kiyi wa dirowa azisungidwa m'kachitini ka mapini, monga zinalili ku ofesi.

"Alamu, sitikuyandikira kwambiri pamenepa?" anafunsa mlamuyo.

"Mwaiwala mawu anu? Munati olemba anu amangopeka. Choseketsa n'choona."

Gawolo linaposa onse. Pofika Lolemba, mawu akuti "sinandipeze" anali paliponse. Ana osalemba ntchito ya kusukulu ankauza aphunzitsi kuti sinawapeze. Amuna ochedwa kufika kunyumba ankati foni sinawapeze. Lumo ankayenda mumsewu akumva mawu ake m'kamwa mwa anthu osawadziwa, ndipo ankaona ngati watalika.

Kulikulu kunali mayi wina amene anali atangopatsidwa udindo woyang'anira antchito a nthambi zonse. Loweruka limenelo anaonera seweroli ndi ana ake, ndipo anaseka nawo mpaka pamene Bwana Chonde ananyamula envulopu ya khaki ya mzere wofiira. Apo kuseka kunamuthera. Envulopu yotero inali pa desiki yake, ndipo mawu akuti "sinandipeze" anali atawamva pafoni masiku atatu okha m'mbuyomo, m'kamvekedwe komweko. Anadikira maina a kumapeto, nalemba dzina la wolemba, ndipo Lolemba analipeza m'ndandanda wa antchito a kampani.

Anafika Lachitatu m'mawa ndi amuna awiri ovala masuti. Sanalandire tiyi. Analowa m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde, nasiya chitseko chotsegula, ndipo ofesi yonse inasiya kulemba.

"Bambo, tipatseni kiyi wa dirowa ya m'munsi."

"Pepani, mayi, kiyi ameneyo kaya ndinamuika..."

Mayiyo anatambasula dzanja, natenga kachitini ka mapini, nakhuthulira pa desiki. Kiyi anagwa pakati pa mapiniwo. Sanachite kufufuza, anali ataonera pa kanema.

Lumo anaitanidwa kuti, monga wosunga mafayilo, alembe zonse zotuluka m'dirowamo. Analowa ndi cholembera, ndipo mumtima ankayembekezera kuona chisa cha mbewa, mapepala opindika, makoko a nthochi, zinthu zoti adzasekere gawo lina. Dirowa itatseguka, anaona makalata makumi anayi ndi atatu atasanjidwa mwaudongo, chaka ndi chaka, mtolo uliwonse uli ndi mphira wake. Panalibe kalata yotayika ngakhale imodzi. Pakona ya envulopu iliyonse panali mawu olembedwa ndi pensulo, m'zilembo zing'onozing'ono za bwana.

Mayi wa kulikulu ankatsegula imodziimodzi n'kumawerenga mokweza, kuti Lumo alembe. Yoyamba inali yolamula kuti dalaivala wamkulu achotsedwe chifukwa anagunditsa galimoto kumpanda. Pakona panalembedwa kuti, "Anayendetsa maola khumi ndi asanu ndi limodzi chifukwa ife tinamutuma. Ana asanu." Ina inali yoti Anti apume msanga popeza kukubwera makina oyankha mafoni. Makalata a Anti analipo anayi, a zaka zosiyana, ndipo pa yomaliza panalembedwa kuti, "Atsala zaka ziwiri kuti apume ndi penshoni yonse. Ndipirire." Panali ya mlonda, ya wosesa, ya mmodzi wa achinyamata a ku akaunti aja amene ankamenya tebulo poseka. Aliyense anali ndi mzere wake wa pensulo.

Lumo anapitiriza kulemba. Kenako mayiyo anatenga envulopu ya zaka zitatu zapitazo, nayang'ana dzina, nakweza maso.

"Iyi ndi yanu, mayi. Kujomba ku ntchito masabata asanu ndi awiri popanda chilolezo cha likulu. Achotsedwe nthawi yomweyo." Anatembenuza envulopuyo kuti aone pakona. "Apa alemba kuti, 'Mwamuna wake ali m'chipatala. Ntchito yake ndigwira ndine mpaka abwere.'"

Fani inali itaima. Lumo anakumbukira mafayilo a madalaivala ali m'kabati ya makasitomala, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona munthu wamtali uja atawerama m'chipinda chake nthawi ya nkhomaliro, masabata asanu ndi awiri, akulimbana ndi ntchito imene sankaidziwa kuti likulu lisaone kuti desiki ili yopanda munthu. Iye anawalipira ndi gawo lachitatu, ndipo dziko lonse linaseka.

"Lembani, mayi," anatero wa kulikulu. "Nambala makumi atatu ndi imodzi."

Lumo analemba dzina lake lomwe.

Bwana Pepani anachotsedwa tsiku lomwelo chifukwa chonyozera malamulo a kampani, atatsala ndi zaka ziwiri ndi miyezi iwiri kuti apume. Anaika kapu yawo, chithunzi cha mwana wawo ndi kachitini ka mapini m'katoni ya mapepala. Podutsa pakati pa madesiki katoniyo inagunda mpando, ndipo iwo anati, "Pepani." Palibe anaseka. Anti analira mokweza osabisa, ndipo dalaivala wamkulu anawalanda bwanayo katoniyo n'kuwanyamulira mpaka pansi.

Likulu silinachedwe. Makalata onse amene eni ake anali akadali pa ntchito anawalembanso ndi deti latsopano, ndipo ulendo uno anafika. Mwezi usanathe, anthu asanu ndi awiri anatsika masitepe aja komaliza. Anti anapita ndi theka la zimene akanalandira akanapirira zaka ziwiri zija. Dalaivala wamkulu, pa msinkhu wake, anayamba kuyenda m'magalaja kufunsa ganyu. Lumo anali wachisanu kulandira envulopu. Tsiku lomwe ankatuluka anakumana ndi Anti pamasitepe, nayesa kuwagwira dzanja.

"Anti, mukanangondiuza."

"Ndinakuuza kuti siya," anatero Anti osaima. "Iwe umafuna chifukwa. Wachipeza."

Bwana watsopano anali wachinyamata, wa tayi yofika palamba penipeni. Sankanena nthabwala, sankagunda mipando, ndipo kalata iliyonse yochokera kulikulu ankaiyankha tsiku lomwelo. Otsala aja ankamwa tiyi aliyense pa desiki yake. Likulu linamuyamikira kwambiri.

Mlamu uja anabwera kunyumba kwa Lumo nkhope ili ngwee. Anapeza mwamuna wa Lumo atakhala pampando wake pakhonde, dzanja lake lakufa lili pamwendo, ndipo anamupatsa moni mothamanga.

"Alamu, musadandaule za ntchito ija, inali yokuchedwetsani. Akuluakulu a ku wailesi akufuna magawo ena khumi ndi awiri! Ndipo zimene zachitikazi ndiye zokoma. Tangoganizani, gawo loyamba a kulikulu akubwera, akutsegula dirowa, Bwana Chonde akunjenjemera, akupepesa kiyi. Anthu adzafa!"

"Mukudziwa zimene zinali m'dirowamo?"

"Makalata, eti? Tiikamo makoko a nthochi, aseke bwino."

Lumo anatenga kope lake lija. Ntchito inali itatha, ana anafunika kudya, mankhwala a bambo awo sankadikira. Anakhala patebulo masiku anayi. Akati alembe tayi, ankaona pensulo. Akati alembe kugogoda, ankamva mawu a mayi wa kulikulu akuwerenga pakona ya envulopu. Analibe luso lopeka, luso lake linali lotapa, ndipo kumene ankatapa kuja anali atakugumula yekha. Tsiku lachisanu anatseka kope, navala nsapato, nafunsa dalaivala wamkulu njira ya kunyumba kwa bwana. Dalaivalayo anamuuza njira popanda kumuyang'ana kumaso.

Inali nyumba yaing'ono ya mpanda wa mawaya. Pageti anatsegula mkazi wa bwanayo, mayi wamfupi wa maso ouma, ndipo anamuzindikira nthawi yomweyo.

"Ndinu wolemba uja. Mwabwera ndi kope?"

"Sindinabwere kudzalemba, mayi. Ndabwera kudzapepesa."

"M'nyumba muno mawu amenewo tinatopa nawo. Ali kuseri."

Lumo anawapeza bwanayo akuyanika zovala, atavala malaya opanda tayi, zopanira zili m'kamwa. Atamuona anazilavulira m'dzanja mwamanyazi, nathamangira kukatenga mpando, naupukuta ndi mkono wa malaya.

"Mayi, mwatipeza. Pepani, pakhomo pali posakonza. Bambo kunyumba ali bwanji? Dzanja lija likuyamba kumva?"

Lumo anali atakonza mawu ambiri m'njira, koma funso limeneli linawabalalitsa onse. Anakhala pampando n'kuyamba kulira ngati mwana.

"Bwana, munalekeranji kundiuza? Tsiku lija munabwera kuchipinda kwanga, mukanangoti m'dirowamo muli dzina lako. Ndikanang'amba kope lonse."

Bwanayo anakhala pa ndowa yovundikira, mawondo ali m'mwamba.

"Ndinaganizapo. Koma mukanadziwa inu, mawa akanadziwa wina, ndipo mukanayamba kundilemekeza. Ofesi yolemekeza bwana wotaya makalata, likulu likanadabwa. Mukuona, mayi, munthu wanzeru akakana lamulo amamuchotsa tsiku lomwelo n'kubweretsa wina womvera. Koma chitsiru amangochipukusira mutu, n'kunena kuti tidzaona chaka chamawa. Ine mphamvu zokana ndinalibe. Chimene ndinali nacho ndi nkhope iyi, ndiye ndinagwiritsa ntchito yomweyo."

"Ndiye zonse zija munkachitira dala?"

"Ayi, ayi. Dirowa yokha. Tayi sindidziwadi kumanga, funsani mayi akunyumba. Nthabwala nazonso ndinkayesetsa ndithu." Anaseka pang'ono, kenako nkhope inagwa. "Chimene chikundiwawa ndi Anti. Zaka ziwiri zokha. Ndinkawerenga miyezi."

Kuchokera m'nyumba, mtsikana wa yunifolomu anasuzumira pazenera, naona mlendoyo, natseka katani mwamphamvu.

Lumo anaimirira kuti azipita, popeza panalibenso choti anene chimene chikanabweza kanthu. Bwanayo anamuperekeza mpaka pageti. Atafika pamenepo anayamba kupotokola zala monga ankachitira pakhomo la chipinda cha mafayilo.

"Mayi, pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikufuna kunena zaka zitatu. Mafayilo anu aja ndinawasokoneza kwambiri. Munavutika nawo mwezi wonse, ndinkakuonani. Pepani."

Lumo akanakonda kuti amutukwane. Akanakonda mbama, kapena kuti amulozere msewu ngati galu. Koma anapatsidwa mawu omwe aja amene iye anawagulitsa kwa anthu onse kuti aziseka, ndipo anamulowa mpaka m'mafupa.

Pobwerera anadutsa pa sitolo ina yogulitsa mawailesi. Pa kanema wa pawindo ankabwereza gawo lachisanu ndi chimodzi, ndipo anthu odikira basi anali ataunjikana akuonera. Bwana Chonde ananyamula foni, gulu lonse linanena naye limodzi kuti, "Sinandipeze!" n'kuphulika kuseka. Bambo wina anagwira Lumo paphewa, misozi ya chimwemwe ili m'maso, nati, "Mayi, mabwana opusa ngati ameneyu ndi amene akutipha m'maofesimu. Amene analemba izi Mulungu amudalitse."

Lumo anachotsa dzanjalo paphewa pake. Anapitiriza ulendo wapansi, kope lili m'chikwama, envulopu ya mzere wofiira ili pambali pake. Zaka khumi ndi chimodzi anthu khumi ndi awiri ankamwa pamalo amodzi, akuseka kuti m'mphepete mwake ndi mokhota, ndipo panalibe anaponyamo chingwe kuti aone pamene madzi akuthera. Iye ndiye anadzaona pansi pake, tsiku lomwe munalibenso dontho. Akuluakulu sananame pamene anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.